Ndinalowa m'chikuta, ndipo nkhuku sindipereka

Lamulungu lapitali titangotuluka m'tchalitchi, mlongo wanga anandikokera pambali n'kundiuza kuti azimayi akuluakulu akundifuna pabwalo pake masana, ndipo ndisaiwale kunyamula nkhuku yoyera. Ndinamufunsa ngati nkhukuyo ndi ya ndiwo. Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira tili ana ndikamubera mbatata yake yowotcha, n'kunena kuti ndisadzipusitse, ndikudziwa bwino lomwe kuti ndi yopepesera.

Kupita ndinapita. Nkhuku ndinaisiya ikupalasa madeya kuseri kwa chigayo changa.

Musati ndine woumira. Amene mumagayitsa kwa ine pa Chinyunyu mukudziwa kuti nkhuku ndili nazo, zoyera, zakuda, ngakhale zamangamanga. Koma iyi yokha ayi.

Mlandu wanga ndi uwu. Ine, mwamuna wa imvi kundevu, ndinalowa m'chikuta, ndinatulutsa khanda mchombo usanagwe, n'kulikweza minibasi yodzaza ndi anthu osadziwika kumene anagona. Sindikukana. Ndinachitadi zimenezo, masanasana, mudzi wonse ukuona.

Inu a ku Lusaka amene munabadwira pa bedi lachitsulo, bwerani pafupi ndikuuzeni chikuta. Kwathu kuno mayi akachira, iye ndi khanda lake amabindikira m'nyumba mpaka kachingwe ka pamchombo katauma n'kugwa. Mwamuna salowamo, ngakhale mwini mwanayo. Aliyense amene wagona ndi mkazi wake kapena mwamuna wake timati ndi wotentha, ndipo sayenera kukhudza khandalo kuopa kulidula. Mwana wodulidwa amatupa, amatero akuluakulu. Olowamo ndi azimayi achikulire okha, amene za kumphasa anasiya kale. Ngakhale dzina mwanayo sapatsidwa mpaka atatuluka.

Amene anali m'chikutamo ndi Enelesi, mwana wa mlongo wangayo. Inali mimba yake yoyamba. Anachirira kwa amake, pa kamudzi ka kuseri kwa akasupe otentha a pa Chinyunyu, kutali ndithu ndi msewu wa tala. Anamuchiritsa ndi ba Belita, azamba athu, amene manja awo analandira anthu ambiri mwa amene amaima pamzere pachigayo panga. Uthenga utandipeza wakuti kwabadwa mwana wamkazi, ndinagaya ufa woyera bwino, osati wachikasu uja tinatopa nawo chaka cha chilala, n'kuumangirira panjinga. Ndine malume wake, ndikanapita chimanjamanja?

Nditafika, pabwalo panali zii. Panalibe wotsuka mbale akuseka, panalibe wondilandira njinga. Fakisoni, mwamuna wa Enelesi, anali khale pachitsa pansi pa mtengo wa mango, mutu uli pansi, ndipo moni wanga anauyankhira kukhosi. Ndinatsitsa thumba la ufa n'kulikhazika pakhomo pa kanyumba kachikutako, kunja, monga mwa lamulo.

Pamenepo m'pamene ndinamva.

Ine ntchito yanga ndi ya makutu. Chigayo changa chikayamba kudwala ndimachimva ndili kumsika. Chimene chinkamveka m'kanyumbamo sikunali kulira kwa khanda. Kunali kufwiika, fwii, fwii, ngati pampu ya njinga imene chikopa chake chatha. Kenaka zii. Ndinapezeka kuti nanenso ndagwira mpweya, kudikira kuti kuyambenso.

Ndinaitana mlongo wanga n'kumufunsa kuti n'chiyani chimenecho. Anandinong'oneza kuti mwana anabadwa ndi chotupa pambali pa khosi, kunsi kwa khutu lamanzere, chofewa, chachikulu ngati dzira la nkhuku, koma tsopano chakula. Ba Belita anali atachiona n'kugamula kuti ndi mdulo. Ndipo wodula mwanayo sanachite kumufunafuna kutali. Fakisoni amawotcha makala, amakwera nawo malole kupita ku Lusaka, ndipo nthawi zina amagona konko kumsika. Basi umboni unakwana. Anamuuza kuti atchule akazi amene anayenda nawo Enelesi ali ndi pakati, kuti mankhwala agwire. Mnyamatayo analumbira kuti palibe. Iwo anati alipo. M'mawa funso lomwelo, madzulo funso lomwelo, uku akumuthowa mwana ndi madzi otunga kukasupe. Anali atatumanso uthenga kwa mkulu wina wa ku Shikabeta kuti adzatemere mphini pachotupapo mwana akangotuluka.

Ndinafunsa za chipatala. Mlongo wanga anati adzapita, mchombo ukagwa.

Ndikuuzeni zoona, abale anga, phazi langa linali kale pa pedulo. Mumtima ndinali nditayamba kale kanyimbo kathu kaja ka amuna, kakuti za azimayi izi, eni ake akudziwa. Koma mawu a Enelesi anatulukira pamng'alu wa chitseko, otsika, ngati munthu woopa kumveka.

"Amalume, ndinu? Sakuyamwa. Akagwira bere akusiya, milomo ikuda."

Njinga ndinangoisiya, inagwa yokha.

Ba Belita anandipeza pakhomo, n'kutambasula manja awo onse awiri. Ndi munthu wamng'ono thupi, koma mawu awo amaimitsa ng'ombe.

"Bambo, mwazungulira mutu? Muno mwamuna salowa."

"Ambuya, patukani. Mukanditukwane mawa."

Ndinawadutsa chammbali, osawakankha, ndipo izi ndikufuna zimveke chifukwa pamsika ayamba kale kunena kuti ndinagwetsa nkhalamba. Sindinagwetse munthu. Za kutentha, inde, ndinali wotentha. Ndili ndi mkazi kunyumba, ndipo sabata imeneyo sitinakangane.

M'katimo munali mdima ndi fungo la utsi ndi mizu. Enelesi anavundukula chitenje. Kamwanako kanali kokongola, tsitsi lambiri, maso ali yuu. Koma mutu wake unali utapendekera kumanja chifukwa chotupacho chinali chitaposa nkhonya yanga, ndipo kakamakoka mpweya, pansi pa nthiti pankalowa m'kati ngati pakufuna kukhudza msana. M'khosi anali atakamangirira kachingwe ka mankhwala, ndipo kachingweko kanali katayamba kulowa m'chotupamo. Ndinauza Enelesi kuti akadule. Sanafunefune mpeni, anakaluma ndi mano.

Ndinamuuza kuti amange katundu tizipita. Anatukula mphasa. Kamtolo kake kanali pansi pomwepo, komanga kale, matewera ndi kabulangete ndi sopo. Mwana wa mlongo wangayu anali atakonzeka kalekale. Chimene ankadikira ndi munthu woti amutsegulire chitseko. Zimenezi zinandiwawa kuposa chotupacho, ndipo mpaka lero ndikaziganiza mtima umandinyamuka.

Ndinatuluka n'kukalipira Fakisoni kuti adzuke pachitsapo akabwereke ngolo. Anathamanga ngati wamasulidwa chingwe. Fakisoni anamuona mwana wake koyamba pangolopo, ndipo analira osabisa nkhope. Mlongo wanga anatitsatira pambuyo pa ngolo mpaka ku tala, akundinena mawu onse amene anasunga kuyambira tili ana, kuti ndine wamwano, ndine wosamva, ndapha mdzukulu wake. Koma uku akulalata, uku manja ake atakunga chitenje pamwamba pa khandalo kuti dzuwa lisaliwombe. Ndi mmene alili mlongo wanga.

Pa kakiliniki kathu, anesi sanatifunse kuti Fakisoni anagona kuti. Anatseka mawindo, n'kutenga tochi, n'kuigunditsa pachotupapo. Chinawala chonse, psuu, ngati nyali ya galasi. Anati muli madzi m'menemo, si mafinya, si nyama. Anati zoterezi siziwonekawoneka, iwo chiyambire ntchito anali asanalandirepo mwana wotere, anangozionapo ali kusukulu. Anatiletsa kuchiboola, anatiuza kuti mwanayo tisamugoneke chagada, ndipo anati ku Lusaka tikafike lero lomwe. Kenaka anatuluka yunifolomu yawo yoyera ili m'thupi, n'kukaima pakati pa msewu kuimitsa minibasi yochokera ku mlatho wa Luangwa.

Inali yodzaza, fungo la nsomba zouma lili guu. Kondakitala anasuzumira n'kunena kuti, "Ba mudala, malo mulibe." Kenaka anamva kufwiika kuja. Anatitsegulira chitseko. Mayi wina wonenepa amene anali pampando wakutsogolo anatsika yekha n'kukadzipanikiza kumbuyo pa matumba ake a nsomba. Dalaivala anali akuliza kaseti ya rumba, koma atangoponya diso pa mwanayo anaizimitsa, akuti kuti mayi azimva ngati mwana akupuma.

Ndiye taganizani. Minibasi yathunthu ya anthu otentha, ogulitsa nsomba, asilikali awiri opita kutchuthi, kamnyamata konunkha kachasu, onse ali chete, kumvetsera mpweya wa khanda lopanda dzina. Ukaima, basi yonse inkaima nawo mtima. Ukayambanso, mayi wa nsomba uja ankati, "Eya, mwana wanga, koka." Pa Chongwe panali anthu akubayitsa, koma dalaivala anangowaimbira hutala n'kudutsa.

Awa ndiwo anthu amene tinkamubisira mwanayu.

Kuchipatala chachikulu anamulanda m'manja mwa amake n'kuthamanga naye. Tinakhala pabenchi nthawi yaitali tisanaitanidwe. Dokotala wake anali mtsikana, wamng'ono kwa mwana wanga woyamba, wolankhula Chinyanja cha m'tauni chosakaniza. Anatifotokozera kuti m'thupi mwa munthu muli timisempha tonyamula madzi, tosiyana ndi ta magazi. Mwana akamaumbidwa m'mimba, nthawi zina timisempha ta m'khosi sitilumikizana bwino, ndiye madzi amasonkhana n'kupanga thumba. Zimayamba kalekale, mwina mayi asanadziwe n'komwe bwinobwino kuti waima. Ana ena thumbalo limangokhala osawavutitsa kupuma, koma la uyu linakhala poipa, likukanikiza njira ya mpweya.

Ndinamufunsa ngati zimabwera chifukwa cha mayendedwe a bambo wa mwana. Anati ayi. Chakudya chimene mayi anadya? Ayi. Munthu wotentha? Anamwetulira pang'ono n'kunena kuti ayi, palibe amene analakwa. Ndinamupempha kuti abwereze mawu omalizawo akuyang'ana Fakisoni. Anabwereza. Fakisoni anakhala pansi pa simenti pomwepo, anthu akudutsa.

Mwanayo anamuika kachubu kopumira, madzi ena anachotsako ndi jekeseni, ndipo akuti opaleshoni yochotsa thumba lenilenilo adzachita akaona kuti wapeza mphamvu. Dokotalayo sanatinamize. Anati thumbalo limayanga pakati pa misempha ya m'khosi, kulichotsa n'kovuta, ndipo nthawi zina limabwereranso. Anati tikanatemera mphini, litsiro likanalowa n'kutupitsa chotupacho kuposa pamenepo. Nditamufunsa kuti tikanadikira mchombo zikanatha bwanji, anangopukusa mutu n'kupita kwa wodwala wina.

Choncho sindikulemba ngati munthu amene wapambana mlandu. Pamene mukuwerenga izi mwanayo akadali m'chipatala, ndipo sindingakulonjezeni kuti adzabwera kumudzi ali pamsana pa amake. Ndikungokuuzani kuti lero akupuma.

Tsopano ndimveni bwino, makamaka inu achinyamata amene mwayamba kale kuwomba m'manja kuti mudala wagwetsa mwambo. Chikuta sindikuchinyoza. Amene anachiyambitsa sanali opusa. Chimatchinga khanda kwa alendo achifuwa ndi a manja akuda amene amafuna kulipsompsona. Chimapumitsa mayi ku mtondo ndi ku chitsime. Ngakhale anesi athu aja amati n'chabwino. Ana anga onse anadutsa m'chikuta, ndipo ine ndinadikira panja ngati mwamuna aliyense.

Koma khola timamangira mbuzi kuopa fisi. Nanga fisi akapezeka kuti ali m'kati mwa kholamo, timalimbikirabe kutseka chitseko?

Chimene chikundikwiyitsa si chitseko. Ndi khalidwe lathu lija lakuti vuto likagwa, funso loyamba limakhala lakuti wachita ndani. Mwana akubanika, ife tili pa bwalo la milandu. Masiku amene akanakhala ali m'manja mwa madokotala tinawathera pa kufunsa mnyamata wamakala mayina a akazi amene kulibe. Ndipo akanatopa n'kungopeka dzina kuti amusiye, bwenzi lero banja lake litatha, mtsikana wina wosalakwa wa kumsika akutukwanidwa, ndipo chotupacho chili pompo. Kodi dzina la mkazi likanaphwetsa thumba la madzi?

Amuna anzanga, bwerani kuno nanunso. Mwambowu timaukonda chifukwa umatipatsa chitsa chokhalapo. Timati za azimayi, n'kupita ku mowa. Mwana akachira ndi wathu, akafa ndi za azimayi. Sindikuti muzingolowa m'chikuta ngati mukulowa m'bala, ayi. Koma makutu analetsa ndani? Imani panja pa chitsekopo mumvetsere. Funsani ngati mwana akuyamwa. Mukamva kufwiika, mukauzidwa kuti milomo ikuda kapena pali chotupa pakhosi chimene chikukula, musadikire kuti wina akuloleni. Mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Inunso a m'tauni musaseke. Chikuta chanu tikuchidziwa. Mumamufunditsa mwana mabulangete atatu kuti aneba asaone chimene wabadwa nacho. Mumadikira bambo abwere kuntchito adzapereke chilolezo. Mumadikira Lachisanu kuti abusa adzamusanjike manja. Kusiyana kwake n'kwakuti chanu chili ndi malata.

Masiku ano a zipani zambiri akuti aliyense ali ndi pakamwa. Pachigayo panga anthu amatukwana nduna mokweza mpaka kuposa injini. Koma mtsikana amene wanyamula mwana miyezi yonse ija, amene akumumva akubanika pachifuwa pake, alibe pakamwa m'nyumba ya amake omubala. Amachita kumanga kamtolo mobisa n'kukakankhira pansi pa mphasa. Ufulu wake uli kuti pamenepa?

Pali chinanso chimene amuna sitichitchula chifukwa sitichiona. Khanda likafera m'chikuta, kwathu kuno si maliro. Timati mtayo. Palibe bokosi, palibe nyimbo, palibe kugona pabwalo. Azimayi achikulire amalikulunga m'kansalu, amapita nalo okha kuthengo, n'kukumba kadzenje kosazama. Mayi amauzidwa kuti asalire, angatseke mimba, atayika ndi madzi chabe, mtsuko ulipo. Madzulo ake aliyense ali kumunda kwake. Ndi angati anapita choncho, akufwiika kuseri kwa chitseko, ife tili pachitsa? Sindikudziwa. Inunso simukudziwa. Mwambo wake unakonzedwa kuti tisadziwe.

Tibwerere ku Lamulungu lija.

Lachisanu lake ndinali nditapitanso ku Lusaka kukasiya ufa ndi nsinjiro kwa achibale a ku Mtendere kumene Fakisoni akugona. Kuchipatala ndinapeza Enelesi ataonda, koma maso ali owala, akufinyira mkaka m'kakapu kuti anesi amwetse mwana kudzera m'kachubu kena. Potsanzikana anandipatira m'manja kansanza ka chitenje komanga mfundo. Anati mchombo unagwa Lachitatu, anautola pa nsalu ya pabedi oyeretsa asanabwere, ndipo ndikapereke kwa ambuya Belita akaukwirire kumudzi monga mwa mwambo. Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti mwamuna sanyamula zimenezi. Anaseka koyamba chichokereni kumudzi, n'kunena kuti ine milandu ndili nayo kale yambiri, umodzi woonjezera sundipha.

Ndiye Lamulungu masana ndinafika pabwalo pa mlongo wanga kansanzako kali m'thumba la jekete. Azimayi anali atakhala pamphasa, ba Belita pakati. Ine anandipatsa chitsa chomwe chija cha Fakisoni. Anayang'ana m'manja mwanga, anayang'ana panjinga, nkhuku osaiona.

Ba Belita analankhula nthawi yaitali, ndipo ndinganame ndikati analankhula zopanda nzeru. Anati iwo analandira ana ambiri pamudzi pano ine ndisanamere ndevu, kopanda tochi, kopanda jekeseni, usiku ndi mvula yomwe, ndipo palibe anawapatsapo ngakhale sopo wosambira m'manja. Anati anaona ana otulutsidwa msanga akugwidwa chifuwa n'kufa. Anati mwamuna mmodzi akalowa m'chikuta osadzudzulidwa, mawa adzalowa woledzera, mkuja adzalowa wofuna mkazi wake chilonda chisanapole. Pamenepo ndinavomera ndi mutu, chifukwa amuna otero ndimawadziwa ndi mayina. Pomaliza anandiloza ndi chala.

"Mwana ameneyo akafera ku Lusaka, ali pamutu panu."

Mawu amenewo ndi olemera, ndipo ndikudziwa kuti sadzandichoka. Zinthu zikakavuta kuchipatalako, pamudzi pano sadzanena za thumba la madzi. Adzati malume wake anamudula. Adzanena pachitsime, adzanena pamaliro anga. Mlongo wanga yemwe mwina sadzandipatsanso madzi akumwa. Ndinaziganizira zonsezo ndili pachitsapo.

Ndinawayankha kuti ndamva, ndipo mtolowo ndausenza. Ndinati mawu a akulu amakoma akagonera, izo n'zoona, koma mwana uja analibe mpweya woti agonere nawo. Ndinati ulemu wawo ndimaudziwa, ndipo ngati phewa langa linawakhudza pakhomo paja, pa chimenecho chokha andikhululukire. Koma kupepesa kuti ndinatulutsa mwana, ayi. Nkhuku yoyera ikanatanthauza kuti ndinalakwa, ndipo mawa mtsikana wina akadzamanga kamtolo kake pansi pa mphasa, amalume ake adzakumbukira nkhuku yanga n'kukwera njinga.

Kenaka ndinatulutsa kansanza kaja, ndinagwada, n'kukaika pamphasa patsogolo pawo. Ndinati mwini wake wandituma kuti akakwirire ndi iwo, osati wina.

Ba Belita anamasula mfundoyo pang'onopang'ono. Anayang'ana kamchomboko. Azimayi ena aja anasuzumira, kenaka anayang'ana kumbali. Ba Belita atalankhula, mawu oimitsa ng'ombe aja panalibe.

"Akupuma?"

"Akupuma, ambuya."

Anafunsa kuti nanga kuchipatalako akumuitana chiyani, poti anachoka wopanda dzina. Ndinawauza kuti anesi anafuna dzina tsiku lomwe tinafika, ndipo Enelesi sanafunse munthu, anangoti Belita, chifukwa ndiwo manja oyamba amene anamugwira.

Nkhalambayo inamanganso mfundo ija, n'kuilowetsa m'kati mwa bulauzi, n'kupukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Ndinaiwala kuti ndikulimbana ndi ndani. Ananditembenukira n'kunena kuti nkhuku ija ndibweretsebe.

Ndinawauza kuti ndidzabweretsa ziwiri, tsiku limene Belita wamng'ono adzatsike minibasi pa Chinyunyu, ndipo zidzakhala za ndiwo. Anati tidzaona. Inenso ndinati tidzaona. Mpaka lero pamenepo m'pamene tili, ndipo tikakumana panjira amandipatsa moni wa theka.

Koma funso limene ndinachoka nalo pabwalopo ndikusiyirani inu, chifukwa ine landisowetsa mtendere sabata yonse. Mwana ameneyu ali moyo, ndipo ine ndaitanidwa pamphasa kuti ndipepese. Akanafera m'chikuta muja, mwambo wonse utasungidwa bwinobwino, chitseko chili chitsekere, Fakisoni ali pachitsa, ine nditakwera njinga yanga, akanaitanidwa ndani kuti abweretse nkhuku kwa Enelesi?